Kalabala kamodzi kanaimitsa fakitale: kodi tizisunga katundu wochuluka bwanji?

Funso: Ndine mkulu woona zogula pa kampani yolumikiza mapampu a madzi. Zipangizo timaitanitsa kwa masapulaya oposa 40, ena a kunja. Chaka chatha yemwe amatigulitsa timalabala totseka kuti madzi asamadonthe anachedwa ndi masabata 9, ndipo ntchito inaima ngakhale china chilichonse chinalipo. Pano bwana wamkulu akuti tizisunga katundu wa miyezi 6 pa chipangizo chilichonse. Akauntanti akuti ndalama zimenezo palibe. Ine ndili pakati. Titani kuti zoterezi zisadzatigwerenso? *Mayi wina wowerenga*

Yankho: Mayi, mukadzakhalanso pansi ndi akuluakulu awiriwo, musalole kuti mkangano ukhale wa miyezi ingati. Mantha a bwana wanu ndi omveka, ndipo akauntanti sakunama, koma onse akulimbana ndi funso lolakwika. Funso lenileni ndi ili: pa zonse zomwe mumagula, ndi ziti zomwe zikasowa ntchito imaima, ndipo mwa zimenezo ndi ziti zomwe simungazipeze kwina msanga? Kawirikawiri mndandanda wake umakhala waufupi, ndipo ndalama zotetezera zinthu zochepazo kampani imazikwanitsa.

Choyamba siyani kulosera. Makampani ambiri akangopsa kamodzi amalemba zoopsa zonse zomwe angaganize, moto, madzi osefukira, sitiraka, nkhondo, mliri, n'kumatha misonkhano akuyerekeza kuti chingayambe ndi chiti. Tsoka silinunkha. Ndani akanalemba kuti pa 23 March 2021 sitima ya Ever Given, yotalika mamita 400, idzapingasa mu ngalande ya Suez n'kutseka kwa masiku 6 njira yomwe mumadutsa pafupifupi 12 peresenti ya malonda a dziko lonse? Sitima zoposa 400 zinandanda kudikira. Ndani akanadziwa kuti mu April 2010 phulusa la phiri lophulika ku Iceland lidzaimitsa ndege m'mayiko ambiri a ku Europe pafupifupi sabata yathunthu? Koma kwa munthu woima pa fakitale, chifukwa chake chikhale sitima kapena phiri, mapeto ake ndi amodzi: katundu sanafike. Ndiye musadzivute ndi chomwe chingachitike. Tengani sapulaya mmodzimmodzi n'kudzifunsa kuti uyu atasowa mawa, pa chifukwa chilichonse, ife tikhala bwanji.

Kuti muyankhe mukufunika manambala awiri okha pa chipangizo chilichonse. Njirayi anaitchukitsa ndi David Simchi-Levi wa pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, pomwe ankagwira ntchito ndi kampani ya galimoto ya Ford. Nambala yoyamba: sapulaya atasiya kutumiza lero, inu mungapitirize kupanga ndi kugulitsa kwa masiku angati, kuwerengera zomwe zili m'nkhokwe, zomwe zili m'njira, ndi zomwe mungapeze kwina mwachangu? Nambala yachiwiri: zingatenge masiku angati kuti katunduyo ayambenso kufika mokwanira, kaya kuchokera kwa iyeyo atadzuka, kaya kwa wina watsopano? Ngati yoyamba ikuposa yachiwiri, chipangizocho chisiyeni, musawonongerepo ndalama. Ngati yachiwiri ndiyo yaikulu, kusiyana kwakeko ndi masiku omwe fakitale idzakhale itaima.

Titenge timalabala tanu. Masabata 9 ndi masiku 63. Tiyerekeze kuti munali nato tokwanira masiku 20. Mpata wake ndi masiku 43, ndipo akauntanti angakuuzeni lero lomwe kuti tsiku limodzi losapanga kanthu, uku malipiro ndi lendi zikuyenda, limadya ndalama zingati. Chulukitsani. Nambala yomwe ituluke ndiyo muyeso wa ndalama zomwe n'zomveka kuwonongera pa chitetezo cha chipangizo chimenecho.

Pa nambala yachiwiriyo khalani wokayikira. Sapulaya aliyense mukamufunsa amatchula masiku ochepa, osati chifukwa cha bodza, koma poti amawerenga tsiku lomwe makina ake adzalirenso, pomwe inu mukufuna tsiku lomwe katundu adzalowe pa geti panu. Pakatipo pali maoda a anthu ena omwe ali patsogolo panu, ulendo, za msonkho pa malire, ndi kuyesa ngati katunduyo ali bwino. Ndipo ngati chipangizocho chimaumbidwa m'chikombole chopangidwira inu nokha, funsani kuti chikombolecho ndi cha ndani, chili kuti, ndipo chikapsa chatsopano chimatenga nthawi yaitali bwanji. Ambiri amadzazindikira tsiku la vuto kuti chikombole chomwe analipira okha sangachichotse pa fakitale ya mnzawo chifukwa mgwirizano sunanenepo kanthu. Zojambula za chipangizocho ndi umwini wa chikombole zikhale zanu, ndipo zilembedwe.

Mukatsiriza ntchitoyi mudzaona zomwe a Ford anaona: masapulaya oopsa kwambiri sanali omwe ankalandira ndalama zambiri. Ambiri anali ogulitsa tizinthu totchipa, tomwe palibe ankatiganizira. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ofesi yogula imasanja masapulaya potengera ndalama. Wa mamota mumamuimbira sabata iliyonse, mumamuyendera, mumadziwa ngakhale akasintha manijala. Wa timalabala ndi dzina chabe pa invoisi. Koma pampu yopanda kalabala ndi yosagulitsika chimodzimodzi ndi pampu yopanda mota.

Zimenezi zinaigwera ngakhale Toyota. Pa 1 February 1997 moto unawononga fakitale ya Aisin mu mzinda wa Kariya ku Japan. Fakitaleyo ndiyo inkapanga pafupifupi mavavu onse a mtundu wina omwe Toyota inkaika m'mabuleki a galimoto zake, kachipangizo kokwana m'dzanja, ka madola ochepa. Toyota inkayendetsa ntchito mwa njira yake yotchuka yolandira zipangizo pa nthawi yomwe zikufunika basi, osaunjika, choncho inali ndi mavavu a masiku owerengeka. Posakhalitsa mafakitale ake a ku Japan anaima. Nkhaniyi ndiibwereranso, chifukwa mmene anadzukira muli phunziro lina.

Tsopano za miyezi 6 ya bwana wanu. Katundu wokhala m'nkhokwe si waulere. Ndi mpamba womangika, ndipo ngati ndi wa ngongole, chiwongoladzanja chikuyenda. Pali malo, inshuwalansi, alonda, zoba, zowonongeka, ndi zotha ntchito chifukwa mwasintha kapangidwe ka pampu. Oyendetsa nkhokwe ambiri amayerekeza kuti zonsezi pamodzi zimadya pakati pa 20 ndi 30 peresenti ya mtengo wa katunduyo pa chaka. Pa mamota a miyezi 6 zimenezo zikhoza kumiza kampani, ndipo apa akauntanti ndikugwirizana naye. Koma timalabala ta chaka chonse mwina sitingafike pa mtengo wa mamota a sabata imodzi, ndipo tikwana pa shelefu imodzi. Pamenepo bwana wanu ndiye walondola, mwinanso miyezi 6 yachepa. Chenjezo lokha ndi lakuti labala imauma ndi kung'aluka ikakhalitsa, makamaka pa malo otentha kapena owala dzuwa, ndiye funsani wopanga kuti imasungika nthawi yaitali bwanji, ndipo muzigwiritsa ntchito yakale poyamba, yatsopano ikalowe kumbuyo.

Toyota yomweyo, ngakhale imadana ndi kuunjika katundu, inasintha pa zinthu zina chivomezi chachikulu cha ku Japan cha pa 11 March 2011 chitachitika. Zinaitengera pafupifupi miyezi 6 kuti ibwerere mwakale. Kenako inasankha zipangizo zovuta kupeza, kuphatikizapo ma chip, tizipangizo ting'onoting'ono ta magetsi toyendetsa makompyuta a m'galimoto, n'kupempha masapulaya kuti azisunga zokwanira miyezi 2 mpaka 6. Ma chip atasowa padziko lonse kumayambiriro kwa 2021, Toyota inapitiriza kupanga pomwe anzake ankatseka. Komabe mu August chaka chomwecho inalengeza kuti ichepetsa ndi 40 peresenti galimoto zomwe inkafuna kupanga mu September, chifukwa Covid-19 inali itatseka mafakitale ku Malaysia ndi ku Vietnam. Ndiye muwauze bwana kuti nkhokwe imangogula nthawi. Ngati pa nthawiyo palibe chomwe mukuchita chopezera katundu kwina, mwangosuntha tsiku loima.

Izi zikutifikitsa pa sapulaya wachiwiri, pomwe anthu ambiri amadzinamiza. Dzina la kampani ina lolembedwa m'fayilo si sapulaya wachiwiri. Sapulaya wachiwiri ndi yemwe katundu wake munamuyesa pa pampu yanu n'kuona kuti akukwana, yemwe munagwirizana naye mtengo, ndipo mumagulako ngakhale pang'ono chaka chilichonse. Tsiku la vuto aliyense amathamangira kwa iyeyo, ndipo iye amayamba ndi makasitomala omwe amawadziwa. Mlendo amauzidwa kuti adikire. Ena amagawa 80 peresenti kwa wamkulu ndi 20 kwa wachiwiri. Mtengo umakwerako pang'ono poti oda yagawika, ndipo kukwerako ndiko malipiro a chitetezo chanu. Musabise zimenezi kwa akauntanti, zilembeni poyera kuti chaka chamawa wina asadzazione ngati kuwononga n'kuzidula.

Koma chobisika kwambiri chili kuseri kwa masapulaya anuwo. Mukhoza kukhala nawo atatu, onse n'kumagula labala yawo ku fakitale imodzi, kapena onse n'kukhala m'dera limodzi, kumadutsa pa doko limodzi. Chivomezi cha 2011 chija chinaimitsa fakitale ya kampani ya Merck ku Onahama m'dziko la Japan, yomwe inali yokha padziko lonse yopanga Xirallic, ufa wonyezimiritsa penti ya galimoto. Makampani a galimoto ankagula penti kwa ogulitsa osiyanasiyana, n'kumadziona ngati otetezeka, osadziwa kuti onsewo amatunga pamalo amodzi. Ford ndi Chrysler anachita kuimitsa maoda a mitundu ina ya penti. Chaka chomwecho madzi osefukira ku Thailand anamiza mafakitale a ma hard disk, zipangizo zosungira zinthu m'kompyuta, ndi a tizipangizo take, omwe anali ataunjikana m'chigwa chimodzi, ndipo mitengo inakwera pafupifupi kawiri padziko lonse.

Simungafufuze mzere wonse wa masapulaya 40, ndipo musayese. Pa zipangizo zochepa zija zokha, funsani zinthu zitatu: chimapangidwira pa fakitale iti yeniyeni, osati komwe kuli ofesi yogulitsa, zopangira zake zazikulu zimachokera kwa ndani, ndipo fakitaleyo itaima, pali ina yomwe ingatenge ntchitoyo? Ena adzakana kutchula mayina poopa kuti muwalambalala n'kukagula nokha. Mantha amenewo ndi omveka. Auzeni kuti dzina simukulifuna, mungofuna dziko ndi dera, ndi kudziwa ngati ali ndi kogula kuwiri kapena kumodzi. Yemwe sangayankhe ngakhale zimenezo, mwina nayenso sakudziwa, ndipo kusadziwako ndi yankho kale.

Pali njira ina yomwe ofesi yogula singaiyende yokha, koma ndiyo yokhalitsa kuposa zonse. Pitani kwa mainjiniya anu mukawafunse chifukwa chomwe kalabala kameneka kali ka saizi yachilendo. Nthawi zambiri palibe chifukwa chogwira mtima, wina anangojambula choncho zaka zapitazo. Ngati pampu ingasinthidwe pang'ono kuti izilandira saizi yomwe makampani ambiri amapanga, vuto lathera pomwepo, popanda nkhokwe kapena mgwirizano wapadera. Chimodzimodzi ngati mitundu isanu ya mapampu ingagwiritse ntchito kalabala ka mtundu umodzi: katundu wosunga amachepa koma chitetezo chimakula. Ine ndimaona kuti woona zogula ayenera kukhalapo pomwe chinthu chatsopano chikujambulidwa, chifukwa mavuto ambiri a kagulidwe amabadwira pa tebulo la injiniya.

M'kalata yanu muli chinthu chimodzi chomwe simunanene, ndipo ndikadakonda kuchidziwa: pa masabata 9 aja, munazindikira liti kuti zinthu zavuta? Ndikufunsa chifukwa cha zomwe zinachitika mu March 2000, mphezi itayambitsa moto pa fakitale ya Philips ku Albuquerque, m'dera la New Mexico ku America. Motowo unazimitsidwa m'mphindi zosakwana 10, koma utsi ndi madzi zinaipitsa zipinda zopangira ma chip a mafoni a m'manja, zomwe sizifuna ngakhale kafumbi. Philips inauza makasitomala ake awiri akuluakulu, Nokia ndi Ericsson, kuti ntchito iyambiranso pakatha pafupifupi sabata. A Nokia sanakhazikike nazo. Anayamba kufunsa tsiku ndi tsiku, nkhani inafika kwa akuluakulu msanga, ndipo ataona kuti kuchedwako kukhala kwa miyezi, anapanikiza Philips kuti iwapangire ku mafakitale ake ena, anasintha kapangidwe ka ma chip ena kuti makampani ena athe kuwapanga, n'kugwira malo onse omwe analipo. A Ericsson anakhulupirira za sabata imodzi zija. Pomwe ankadzidzimuka, kogula kunali kutatha. Akuti anataya malonda a madola pafupifupi 400 miliyoni, ndipo mu 2001 anaphatikiza bizinesi yawo ya mafoni ndi Sony.

Moto unali umodzi, sapulaya mmodzi, uthenga umodzi. Chinasiyana ndi liwiro lomwe nkhani yoipa inayenda nalo mkati mwa kampani. Ikani lamulo losavuta: pa zipangizo za pa mndandanda uja, oda ikachedwa ndi masiku akutiakuti, kapena tsiku lofika likasinthidwa kawiri, nkhani ifike kwa inu ndi kwa bwana tsiku lomwelo, ndipo kalaliki wobweretsa uthengawo asakalipiridwe. Kalaliki akadziwa kuti nkhani yoipa imabweretsa mkwiyo, amaisunga n'kumayembekeza kuti zikonzeka zokha. Muziyang'ananso zizindikiro za sapulaya yemwe akudwala: wayamba kupempha ndalama zonse katundu asanatumize, akutumiza theka la oda, anthu omwe munkalankhula nawo akuchoka motsatizana, foni sikuyankhidwa ngati kale. Masapulaya ambiri sagwa ndi chivomezi, amagwa ndi ngongole, ndipo ngongole imaonekera patali.

Tibwerere ku Aisin. Anthu ankaganiza kuti Toyota iima kwa masabata ambiri, koma m'masiku ochepa galimoto zinayambanso kutuluka. Aisin inatumiza zojambula za vavuyo kwa aliyense wotha kuthandiza, ndipo makampani ambirimbiri anasiya zawo n'kuyamba kuyesa kuipanga, kuphatikizapo Brother, yodziwika ndi makina osokera, yomwe inali isanapangepo chipangizo cha mabuleki. Anayamba ntchito asanakambirane za mtengo, chifukwa ubale wawo ndi Toyota unali wa zaka zambiri ndipo ankadziwa kuti sadzaponderezedwa. Zoterezi sizigulidwa tsiku la moto. Kampani yomwe imafinya sapulaya mpaka phindu lake lonse litatha, n'kumamulipira patadutsa miyezi, isadabwe ikapezeka kumapeto kwa mzere katundu akachepa. Pomwe katundu sakukwanira onse, sapulaya amasankha womupatsa, ndipo amakumbukira yemwe amalipira pa nthawi yake. Apa akauntanti wanu ali ndi mphamvu kuposa inu, ndipo muwauze.

Za mayendedwe ndinena mwachidule. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zitayamba kuukiridwa pa Red Sea, makampani ambiri anayamba kuzungulira kumwera kwa Africa, ulendo wa pakati pa Asia ndi Europe n'kutalika ndi masiku 10 kapena kuposa. Fakitale ya galimoto ya Tesla pafupi ndi Berlin ku Germany inaima pafupifupi masabata awiri kumayambiriro kwa 2024 chifukwa cha zimenezi. Kwa inu, dziwani pasadakhale njira yachiwiri ya katundu wolemera, ndipo pa tizinthu topepuka ngati timalabala khalani ndi ejenti wa katundu wa pandege yemwe mumadziwana naye kale ndi mitengo yake. Katoni imodzi ya pandege, ngakhale idule bwanji, singafanane ndi tsiku la fakitale yoima.

Musaiwale makompyuta. Mu June 2017 pulogalamu yowononga ya NotPetya inapha makompyuta a Maersk, kampani yaikulu ya sitima za makontena. Sitima zinali bwinobwino, katundu analipo, koma madoko ake ena anaima chifukwa panalibe wodziwa kuti kontena iti ikupita kuti. Anachita kukonzanso maseva (makompyuta aakulu osunga zinthu za kampani) 4,000 ndi makompyuta ena 45,000 m'masiku 10, n'kutaya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni. Ndiye dzifunseni: makina anu atazima lero, manambala a foni a masapulaya, maoda omwe ali m'njira ndi zojambula za zipangizo mungazipeze kuti? Kope ina ikhale pa malo osalumikizidwa ku intaneti, ndipo ya mndandanda wofunika uja ikhale ngakhale papepala.

Migwirizano ndi inshuwalansi n'zofunika, koma musaziyese mpanda. Pafupifupi mgwirizano uliwonse uli ndi ndime ya force majeure, yomwe imamasula sapulaya ngati chalepheretsa ndi chinthu choposa mphamvu zake, ndipo nthawi yomwe mukumufuna kwambiri ndi yomweyo yomwe ndimeyi imagwira ntchito. Chopindulitsa kulemba ndi chakuti azikudziwitsani msanga, kuti katundu akachepa mudzalandira gawo lanu molingana ndi zomwe mumagula, ndi kuti muli ndi ufulu wotenga chikombole chanu. Inshuwalansi ya kuima kwa bizinesi nayo kawirikawiri imalipira ngati chawonongeka ndi katundu wa pamalo panu. Moto wa pa fakitale ya sapulaya umafuna ndime yakeyake, ndiye werengani pepalalo kapena funsani wokugulitsaniyo akuyankheni molemba.

Chenjezo lina ndi la pomwe vuto lafika kale. Mtima umati itanitsani kawiri, kwa masapulaya atatu, kuti mwina mmodzi afikitse. Aliyense akatero, opanga amaona ngati msika wakula, amawonjezera, ndipo zinthu zikakhazikika katundu yense amafika nthawi imodzi. Ndi zomwe zinachitikira masitolo akuluakulu a ku America monga Target mu 2022: ataitanitsa mopitirira pa nthawi ya kusowa kwa zinthu, anadzapezeka ndi katundu wodzaza nkhokwe n'kuyamba kumutsitsa mtengo. Muuzeni sapulaya zoona za zomwe mukufunadi pa sabata. Ndipo gwirizanani lero, mitima ili m'malo, kuti mapampu akadzachepa adzayamba kupita kwa makasitomala ati, ndipo adzawauza ndani. Kasitomala wouzidwa msanga amakonza zake n'kukudikirani, wongozindikira yekha amapita kwina osabwerera.

Ku msonkhano wanuwo tengani pepala limodzi lokha. Palembedwe zipangizo zomwe masiku ake odikira akuposa masiku omwe mungapirire, mtengo wa kuima kwa chilichonse, njira yomwe mwasankha pa chilichonse, kaya nkhokwe, kaya sapulaya wachiwiri, kaya kusintha kapangidwe, ndi mtengo wa njirayo. Zina mudzalemba kuti tavomereza kukhala nazo choncho poti kuziteteza n'kodula kuposa vuto lake, ndipo bwana asainire, kuti chikhale chisankho cha kampani osati katundu wa pamutu panu nokha. Kenako kamodzi kapena kawiri pa chaka sonkhanitsani wa zogula, wa nkhokwe, injiniya, wa malonda ndi akauntanti kwa ola limodzi, mutchule sapulaya mmodzi mwadzidzidzi n'kunena kuti kuyambira lero kulibe kwa miyezi iwiri. Aliyense anene chomwe achite, ndipo nambala ya foni ya sapulaya wachiwiriyo muiimbe pomwepo, muone ngati ikulowabe.